Uphungu wa ku Maputo ndi cilankhulo ca mwana wa ku Chifunde

Ku Maputo kuli bungwe lina limene anthu ambiri a kuno sanalimvepo, ngakhale kuti mwana aliyense wonyamula kaderno m'mawa kupita kusukulu akuyenda m'njira imene bungwelo linalambula. Dzina lake ndi Instituto Nacional do Desenvolvimento da Educação, koma onse amangoti INDE. Linakhazikitsidwa mu 1978 pansi pa Unduna wa Maphunziro. Silimanga masukulu ndipo sililipira aphunzitsi. Nchito yake ndi kufufuza, kukonza ndondomeko ya zimene ana ayenera kuphunzira kalasi ndi kalasi, ndi kulangiza unduna. Lili ngati nduna za pabwalo: mlandu sizigamula, koma mfumu isanalankhule imayamba yamva kwa izo.

Mwa malangizo onse amene bungweli linapereka, ine ndilondola amodzi okha, cifukwa anayesedwa m'cigawo cathu ca Tete ndiponso m'cilankhulo cathu. Malangizowo anali akuti mwana ayambe sukulu m'cilankhulo cimene anayamwa. Nkhaniyi ikabwera pa wailesi imene ndimagwirako nchito, foni siipuma. Ena amati ndi nzeru ya boma yofuna kuti ana a alimi atsalire m'mbuyo pamene ana a mabwana akuphunzira Cipwitikizi m'tauni. Mantha amenewa si acibwana, ndipo ndidzawabwerera. Koma ambiri oimba foni amaganiza kuti ndi zinthu zadzulodzulo, pamene nkhaniyi ndi yakale kuposa ambiri a ife.

Tiyambire kumene kuwerenga kunalowera m'midzi yathu. Sikunadzere ku Tete kapena ku Lourenço Marques ayi. Kunadzera kumpoto ndi kum'mawa, njira zomwezo zimene timadzera pokaona abale. Malire amene Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana mu 1891 anagawa dziko la Acewa, koma sanaletse maukwati, maliro kapena misika. Ngakhale Gawa Undi, amene likulu la makolo ake linali ku Mano mbali ya kuno, anasamukira ku Northern Rhodesia mu 1935, ndipo mpaka lero mafumu athu amawoloka kupita ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba. Amishoni a Dutch Reformed ocokera ku Nyasaland anatsegula mishoni ya Mphatso ku Angónia mu 1909, pamodzi ndi timasukulu ta m'midzi tophunzitsa m'Cinyanja. Mu 1922 boma la Apwitikizi linawatsekera. Caka comweco ndi cimene Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'Cinyanja. Amishoni anacoka, koma mabuku anapitirira kulowa, atakulungidwa m'mitolo ya amuna obwerera kucokera ku mafamu a fodya a ku Fort Jameson ndi ku Southern Rhodesia. Munthu ankaphunzira zilembo kwa mnzake pa komboni, n'kubwera kudzaphunzitsa mphwake pakhonde. Kalata zinkayenda, zonena za matenda, za ng'ombe, za ndalama yotumizidwa kwa mayi.

Sukulu ya boma la atsamunda inali ina. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, ndi lamulo la amishoni la 1941, zinapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Ankawachula kuti ensino rudimentar, kutanthauza maphunziro a pang'ono cabe, ndipo dzinalo silinanamize munthu. Lamulo linati m'kalasi muzimveka Cipwitikizi, cilankhulo ca eni dziko ciloledwe pophunzitsa katekisimu basi. Akuluakulu amene anapondako m'masukulu amenewo sakumbuka kwenikweni zimene anaphunzira, amakumbuka mbalamatodya.

Conco m'dera lathu munamera mitundu iwiri ya kuwerenga. Kwina kunali kwa Cinyanja, kofala ndithu m'midzi ya m'malire, koma kosalembedwa m'kaundula aliyense. Kwina kunali kwa Cipwitikizi, kwa anthu owerengeka, koma ndiko kokha kumene boma linkakuwerengera kuti ndi maphunziro. Mkulu wotha kuwerenga Masalimo onse pamaliro ankafika pa ofesi ya mzungu n'kudinda cala ngati mbuli. Zimenezi sizinatheretu. Ku wailesi kumabwera timakalata ta uthenga wa maliro, tolembedwa bwino m'Cinyanja ndi dzanja lokhazikika, ndipo ukafunsa wolembayo ngati anapita kusukulu amayankha kuti, ine ndine analfabeto.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julaye caka comweco boma la Samora Machel linatenga masukulu onse kukhala a boma. Ciwerengero cimene cimachulidwa kawirikawiri n'cakuti pa anthu 100 aliwonse, 93 sankatha kuwerenga ndi kulemba. Frelimo inali itasankha kale Cipwitikizi kukhala cilankhulo ca umodzi, ndipo ndico cinkaphunzitsidwa ngakhale m'timasukulu ta m'chire nkhondo ya ufulu itayambanso m'cigawo ca Tete mu 1968. Ine sindiwaweruza mwaukali atsogoleri aja. Anali ndi dziko la zilankhulo zambiri, ankaopa kuti mitundu ingagawikane, analibe mabuku m'zilankhulozo, ndipo zambiri zinalibe kalembedwe kamodzi kogwirizana. Koma mtengo wa cisankhoco unali waukulu. Kalembera wa 1980 anapeza kuti munthu mmodzi yekha mwa anayi ankatha kulankhula Cipwitikizi, ndipo amene anayamwa Cipwitikizi anali ngati mmodzi pa 100. Pamene kampeni ya sukulu za kwaca inayamba mu 1978, mayi wocokera kumunda ankayenera kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, zilembo ndi cilankhulo cacilendo. Mwana wa kalasi yoyamba nayenso cimodzimodzi. Lamulo la 1983 lokhazikitsa Sistema Nacional de Educação silinasinthe zimenezi.

Apa ndi pamene INDE ikuonekera m'nkhani. Bungweli ndilo linakonza ndondomeko ya maphunziro atsopanowo, yonse m'Cipwitikizi. Koma popeza nchito yake inalinso yofufuza, anthu ake ankalowa m'makalasi n'kukhala kumbuyo, ndipo zimene ankaona zinali zimene kholo lililonse la kumudzi likanawauza. Mphunzitsi akunena, ana akubwereza onse pamodzi ngati nyimbo. Mphunzitsi akufunsa funso, ana ali duu. Ambiri ankabwereza kalasi, ena kawiri, kenako n'kusiya. Akatswiri awiri a ku Stockholm, Kenneth Hyltenstam ndi Christopher Stroud, anaunika mabuku a makalasi oyambirira m'malo mwa INDE, ndipo lipoti lawo la 1993 linaloza ku cilankhulo. Cinthu cimene ndimacilemekeza pa bungweli n'cakuti linaona kuti denga limene linafolera lokha likudontha, n'kukauza eni nyumba.

Nthawi yonseyi kuno kunalibe sukulu yoti munthu n'kukaunika. Nkhondo ya zaka 16 inatseka kapena kuwononga masukulu a pulayimale oposa theka m'dziko lonse, ndipo Tete anali m'gulu la zigawo zopwetekedwa kwambiri. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ena a kuno anawolokera ku Zambia, kwa abale a ku Katete ndi ku Chadiza, kapena kumsasa wa Ukwimi ku Petauke umene unatsegulidwa mu 1987. Banja lathu linali m'gulu la okhala kwa abale. Ndinayamba sukulu kutsidya, ndipo pakutha kwa caka cimodzi ndinali kuwerengera agogo kalata, cifukwa mawu a pa bolodi anali mawu a kunyumba. Titabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, pasukulu ina ya kuno anandibweza m'mbuyo makalasi awiri popeza sindinkadziwa Cipwitikizi. Ndinakhala pansi ndi ana aang'ono amene sankadziwa kugwira pensulo. Komabe ndinaona cinthu cimodzi: ife amene tinabwera tikudziwa kale kuwerenga m'Cinyanja tinagwira Cipwitikizi msanga kuposa anzathu amene anayambira m'Cipwitikizimo. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Akadziwa kuti zilembo zimalumikizana n'kupanga mawu, cotsala ndi kuphunzira mawu a eni ake.

Ku Maputo zinthu zinali zitayamba kusuntha. Mu 1988 kagulu ka akatswiri a zilankhulo ka pa Universidade Eduardo Mondlane, kochedwa NELIMO, kanaitanitsa msonkhano woyamba wokhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino. Misonkhano ina inacitika mu 1999 ndi mu 2008. Kalembedwe kamene mukuona m'kabuku kano, ka c pamene a ku Malawi amalemba ch, n'kogwirizana ndi ka m'mabuku a sukulu a kuno ndi a ku Zambia. Dzina la boma lathu latsala ndi ch wa pamapu, n'cifukwa cake mlendo wocokera kum'mwera akatsika basi amati wafika ku Shifunde. Malamulo aakulu a dziko a 1990 ananena koyamba kuti boma lizilemekeza ndi kutukula zilankhulo za dziko. Njira inali itatseguka.

Mu 1993 INDE inayamba kuyesa, mothandizidwa ndi UNDP ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Nchitoyo inachedwa PEBIMO, ndipo inacitika m'zigawo ziwiri zokha: ku Gaza m'Cishangana, ndi ku Tete m'Cinyanja. Magulu ocepa a ana anayamba kalasi yoyamba m'cilankhulo cawo, Cipwitikizi akumaciphunzira pang'onopang'ono, n'kuwatsatira mpaka 1997. Mayi wina wofufuza za maphunziro, Carol Benson, anaunika zotsatira zake. M'makalasi amenewa ana ankafunsa mafunso, ankayankha ndi maganizo awo, ankakwera kalasi kuposa mmene zinkakhalira m'makalasi a Cipwitikizi cokhacokha, ndipo atsikana ankakhalitsa pasukulu. Makolo a anawo anakondwa nazo, ena cifukwa coti mwana ankatha kuwalembera kalata. Koma kuunikako sikunabise zofooka. Mabuku ankacedwa, aphunzitsi anakonzekeretsedwa mwacangucangu, ndipo polumphira ku Cipwitikizi ana ankapunthwa, cifukwa cinali cisanakhazikike mkamwa mwawo.

Ndikamaganizira za PEBIMO ndimadabwa kuti ndi ocepa m'cigawo cino amene amaidziwa. Ana aja lero ndi anthu a msinkhu wanga kapena ocepera pang'ono. Zimene anacita m'timakalasi tawo zinalembedwa m'Cingerezi ndi m'Cipwitikizi, zikuwerengedwa m'mayunivesite a ku Ulaya, koma m'Cinyanja, cilankhulo cimene cinayesedwaco, sindinamvepo wina akuzifotokoza pa msonkhano wa makolo.

Kucokera pa kuyesa kufika pa kucita panapita zaka zisanu ndi cimodzi. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'masukulu osankhidwa a m'midzi, m'zilankhulo 16, Cinyanja cili momwemo. Pambuyo pake zinafika 19. Dongosolo la nthawiyo linali lakuti kuyambira kalasi yoyamba mpaka yacitatu mwana aphunzire m'cilankhulo cake, Cipwitikizi azicimva ndi kucilankhula ngati phunziro, ndipo m'kalasi yacinayi ayambe kusinthira ku Cipwitikizi, cilankhulo cake cikhalebe phunziro. Lamulo latsopano la maphunziro la 2018 linavomereza njira imeneyi, ndipo unduna unakonza ndondomeko yoifalitsa kuyambira 2020 mpaka 2029.

Tsopano ndibwerere kwa oimba foni aja. Akunena zoona pa cinthu cimodzi: mayeso a kutsogolo, kalata yofunsira nchito, fomu ya kucipatala, kontrakiti ya fodya, zonse zili m'Cipwitikizi. Kholo lofuna kuti mwana wake acidziwe bwino silikulakwa. Akunenanso zoona kuti kalasi ya bilingue yopanda mabuku, yokhala ndi mphunzitsi wocokera kutali amene Cinyanja amangodziwa moni, ndi yopweteka mwana. Feliciano Chimbutane, amene anafufuza masukulu otere ku Gaza, anapeza kuti makolo ankanyadira kumva cilankhulo cawo m'kalasi, koma kusowa kwa mabuku ndi kusinthira ku Cipwitikizi zinali zovuta ndithu. Pamene ndimasiyana nawo oimba foni ndi pa mankhwala ake. Iwo amati cotsani Cinyanja. Koma njira ya Cipwitikizi cokhacokha si yatsopano yoti tiyese. Tayenda nayo kuyambira nthawi ya mbalamatodya, ndipo zipatso zake tonse tikuziona: mwana wa kalasi yacisanu wokopera za pa bolodi mwaukhondo koma osatha kunena zimene walemba. Cimene cikusowa ndi buku, mphunzitsi wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndi Cipwitikizi cophunzitsidwa mwakhama kuyambira caka coyamba ngati cilankhulo cacilendo, monga mmene ciliri kwa mwana wa ku Mualadzi. Zimenezi INDE ingalangize, koma si imene imagula mabuku kapena kutumiza aphunzitsi.

Oyandikana nafe nawonso sanamalize mkanganowu, ndipo ife a m'malire timaonera mbali zonse ziwiri. Ku Malawi, kumene Cicewa cinakwezedwa kukhala cilankhulo ca dziko mu 1968 ndipo ana anaphunzira m'cilankhuloco zaka zambiri m'makalasi anayi oyamba, boma linalengeza mu 2014 kuti Cingerezi ciziyambira sitandade 1. Caka comweco a ku Zambia analowera kwina, n'kunena kuti giredi 1 mpaka 4 iziphunzitsidwa m'zilankhulo za m'deralo, kuphatikizapo Cinyanja. Caka cimeneco ana a mtundu umodzi, akumwa madzi a mtsinje umodzi, anali ndi maboma atatu, nzeru zitatu.

Pali mawu ena amene alangizi a ku Maputo anayamba kuwakonda ca m'ma 2000, akuti dziko liyendere nzeru ndi cidziwitso. Mu 1998 boma linakhazikitsa komiti yolangiza za makompyuta, yotsogozedwa ndi nduna yaikulu Pascoal Mocumbi, ndipo mu Disembala 2000 linavomereza ndondomeko yake. Nyumba zoyamba zoti anthu a kumudzi azikagwiritsa nchito kompyuta ndi intaneti zinatsegulidwa mu 1999 ku Manhiça ndi ku Namaacha, pafupi ndi Maputo. Kuno cimene cinafika ndi foni ya m'manja ndi wailesi. Taonani zimene anthu amacita nazo. Mauthenga a pa WhatsApp pakati pa Nsadzu ndi Katete amalembedwa m'Cinyanja, kalembedwe kake aliyense ndi kake. Mtengo wa cimanga ku Cassacatiza, tsiku la katemera wa ng'ombe, za mbozi zowononga m'munda, zonsezi mlangizi amabwera nazo pa pepala la Cipwitikizi, ine n'kukhala usiku kuzimasulira, ndipo zimayamba kugwira nchito pokhapokha zikatuluka m'wailesi m'Cinyanja. Ndikamamasulira ndimaganiza kuti nchito imene ndikugwira ndi yomweyo imene mphunzitsi wa kalasi yoyamba analetsedwa kugwira zaka zambirimbiri. Kalembera wa 2017 anapeza kuti oyamwa Cipwitikizi akwera kufika pafupifupi 17 pa 100, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Otsalawo cidziwitso cimawafikabe kudzera pakamwa pa womasulira.

Mu ndondomeko ya maphunziro imene INDE inakonza, yoyamba kugwira nchito mu 2004, muli gawo lina limene limakhudza sukulu iliyonse, kaya ndi ya bilingue kaya ayi. Amalichula kuti currículo local. Limati pa nthawi yonse yophunzira, magawo 20 pa 100 aperekedwe ku zinthu za m'dera momwemo, zosankhidwa ndi aphunzitsi pamodzi ndi anthu a m'mudzi. Pa maola asanu aliwonse, ola limodzi ndi lathu. Aka n'koyamba kuti pepala la boma livomere kuti agogo osadziwa Cipwitikizi ali ndi zoti n'kuphunzitsa m'kalasi: kudziwa nthaka ya dimba ndi ya mtunda, kusunga mbewu m'nkhokwe osafumbwa, kuumba mbiya, mayina a mitengo ndi nchito zake, mbiri ya Undi ndi ya Mano, cifukwa cake abale athu ali m'maiko atatu. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, eni dambwe ndiwo anganene zoyenera kulowa m'kalasi ndi zoyenera kutsala kumene zili.

M'masukulu ambiri ola limeneli limangomezedwa ndi maphunziro ena, kapena ana amatumidwa kukasesa bwalo. Sindikuloza cala aphunzitsi okha. Mnyamata wa ku Beira kapena ku Quelimane wotumizidwa kuno caka catha sangadziwe yekha kuti ndi mayi uti m'mudzi amene amadziwa kufutsa ndiwo za masamba kuti zifike mwezi wa njala. Ayenera kuuzidwa, ndipo malo ouzirana alipo. Sukulu iliyonse ili ndi conselho de escola, mmene mumakhala makolo, aphunzitsi, ana ndi oimira mudzi. Ndakhalapo pa misonkhano yotere kangapo ndi cojambulira mawu canga. Nkhani zake zimakhala za njerwa, za zimbudzi, za nyumba ya mphunzitsi, ndipo zonsezo n'zofunika. Za cimene ana akuphunzira, kapena cilankhulo cimene akuphunziriramo, makolo amakhala cete ngati si mbali yawo.

Inu amfumu ndi inu makolo amene mudzakhale pa msonkhano wotsegulira caka ca sukulu, pali mafunso awiri amene lamulo likukulolani kufunsa a diretori popanda kuopa. Loyamba: kodi ola la currículo local lili tsiku liti pa ndandanda, ndipo ndani wa m'mudzi muno amene waitanidwa? Laciwiri: ngati pasukulupo pali kalasi ya bilingue, kodi mabuku a Cinyanja afika angati, ndipo mphunzitsi wake anaphunzitsidwa kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri? Mayankho amene mudzamve mudzatibweretsere ku wailesi, olembedwa m'cilankhulo ciliconse cimene dzanja lanu linazolowera, ndipo tidzawawerenga sukulu ndi sukulu.